Pamene Panali Msuku

Lachitatu, 10 Julayi

Kope ili andipatsa ndi a dokotala, mnyamata dzina lake Dennis, akuti ndizichonga kamzere ndikamwa madzi. Kamzere! Ndawauza kuti kulemba ndimatha. Andifunsa kuti sukulu ndinalekeza kalasi yanji. Ndati pasukulu ndinkangodutsapo ndi ng'ombe za eni ake. Zilembo ndinaziphunzira kumanda, pa mitanda ya anthu opeza bwino. Wagona pansiyo ndimamudziwa, ndiye dzina lake pamtanda linkandiuza lokha kuti chilembo ichi n'chiti. Zotsala anandiwongola ndi mayi akunyumba, a Nankhoma. Choncho ndilemba zanga, timizere tawoto tikhale kumapeto.

Ine ndine Gerevazio Kwenda wa kuseri kwa Mphunzi, mkulu wa adzukulu. Kwathu munthu akamwalira, khasu siligwa pansi ndisanaloze ndi ndodo yanga. Manda athu ambiri alibe mtanda ndipo mitumbira inafafanizika kalekale. Wagona apa ndani, malo atsala pati, zonse zili m'mutu muno. Anandisiyira ndi amalume, nawonso anasiyiridwa.

Lolemba tinali ndi maliro a Yohana, mlamu wanga. Ndinaloza malo. Zikhalo, amene amanditsatira pa udzukulu, anayamba kung'ung'udza, ine n'kumukhalitsa chete. Anyamata anakumba mpaka m'chiuno. Kenaka piki inatulutsa mphasa yowola, timafupa ta mwana ndi kamendulo. Chiyambire ine kuloza, zoterezi sizinachitikepo. Onse anandiyang'ana kuti nditchule mwini mandawo. Dzina silinabwere. Maso anachita mdima, ndinagwera m'dzenjemo, khasu n'kunditema pamsongolo.

Ndinadzidzimuka ndili muno, chipatala cha paboma, wodi ya amuna, bedi la pawindo. Kukuzizira ngati m'phanga.

Lachinayi, 11 Julayi

Anditenga magazi a malungo, alibe. A shuga, alibe. Kuthamanga kwa magazi akuti kwakwera pang'ono. Mumkodzo apezamo tizilombo, ndiye akundipatsa piritsi loyera lalikulu m'mawa ndi madzulo. Bala analisoka, akulitsuka tsiku lililonse, koma akuti layamba mafinya.

Chinanso. Pobwera muno mkodzo unali utatsekeka, mimba ili ngati ng'oma. Anandilowetsa kapaipi, thumba lake lapachikidwa m'mbali mwa bedi, aliyense wodutsa akuliona. Lero a Dennis avala golovesi n'kundipima ndi chala kumene sindingalembe. Ndawauza kuti agogo awo akanamva akanadzuka. Angoseka, akuti kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo katupa koma osati kwambiri.

Bedi loyandikana ndi langa agona a Rashidi, a golosale ya pafupi ndi depoti. Shuga wawadya chala cha kuphazi. Pakamwa pokha m'pamene shuga sanafike.

"Achimwene, mwati ntchito yanu n'chiyani?"

"Ndimaloza manda."

"Ee! Anamwino, ndisunthireni bedi. Ameneyu wabwera kudzayeza."

Wodi yonse yaseka, ngakhale amene ali pa diripi. Ndawauza kuti Asilamu sindiyeza, amathamanga kwambiri, munthu asanazizire ali kale m'nthaka. Atero iwo, "Inu Akatolika mumamudikira atope ndi nyimbo."

Miyendo ikundiyabwa. Kachewere wanga ali m'dimba wosakumba.

Lachisanu, 12 Julayi

A Nankhoma apereka kwa a dokotala kabokosi ka mankhwala anga osandifunsa. Timapiritsi tabuluu, dzina ndakopera pakabokosipo: okisibutinini.

Mbiri yake ndi iyi. Zaka zitatu zapitazo chikhodzodzo chinayamba mwano. Chikati tiye, ndiye kuti tiye pompano. Ntchito yanga ndi yoimirira kuyambira m'bandakucha mpaka bokosi litatsika, ndipo kumanda sakodzako. Tsiku lina tikuika akatekisiti, abambo mfumu ali pakati pa pemphero, ndinangomva kutentha m'mwendo. Buluku loyera. Apongozi ali pomwepo. Mwana wanga Sandra ananditengera ku Lilongwe, kuchipatala cholipira, a dokotala a kumeneko n'kundilembera timapiritsi timeneti. Tinandibwezera ulemu. Kuyambira apo Sandra amangogula n'kutumiza pa minibasi.

A Dennis andifunsa kuti ndimamwa tingati. Ndati monga analembera, m'mawa ndi madzulo. A Nankhoma akhosomola. Ndati chabwino, tsiku la maliro ndimawonjezera. Akhosomolanso. Ndati ndi Piritoni tulo tikavuta.

"Kukamwa kumauma?"

"Ngati chikopa."

"Kudzimbidwa? Maso kuchita chifunga?"

"Umenewo ndi ukalamba."

"Nanga kuiwala?"

"Ine sindiiwala."

Akhala pabedi panga, chinthu chimene sindinawapemphe. Akuti mankhwala amenewa amagoneka chikhodzodzo, koma sadziwa malire, amakafikanso kumutu. Kwa okalamba amatha kusokoneza maganizo ndi kutseka mkodzo, makamaka akaphatikizidwa ndi Piritoni. Akutinso ofufuza anaona kuti mwa okalamba amene amwa mankhwala a mtundu umenewu zaka zambiri, odwala matenda oiwalaiwala amachulukirapo kusiyana ndi amene sanamwe.

"Ndiye mankhwala ndi amene adya mutu wanga?"

"Sindinganene choncho, agogo. Chimene anaona n'chakuti ziwirizi zimayendera limodzi. Ngati china chimabala chinzake, sanatsimikize. Mwina tikasiya mutu uyera, mwina pang'ono chabe. Koma ine sindikulemberaninso."

Ndati ndani adzaimirire m'malo mwanga buluku likanyowa, inu? Akuti alipo mankhwala ena osafika kumutu kwenikweni, koma muno mulibe ndipo mtengo wake ngwoluma. Kabokosi apita nako.

Sakudziwa kuti m'thumba la jekete muli kabotolo ka fodya wopera. Fodya ndinasiya kale. Muli tabuluu ta tsiku la maliro.

Loweruka, 13 Julayi

Phala lopanda mchere. Atsuka bala, ndaluma bulangete.

Masana onse ndayenda kumanda ndili chigonere. Ndalowera pa mwala wosweka monga mwa nthawi zonse. Kumanja amalume. Kenaka a Ackim ndi akazi awo awiri, wamkulu kumutu, wamng'ono kumiyendo, monga anakhalira moyo. Mzere wa chaka cha kolera. Kumtunda ana a chaka cha chikuku, ndi ambiri, ndawatchula mmodzimmodzi. Petulo wanga, woyamba kubadwa, ali patsinde pa msuku. Onse alipo. Nanga mwana wa kamendulo uja ndi wa yani? Pamene ndinalozapo m'mutu mwanga m'poyera, msuku uli uko, dzenje lili kuno.

Ndabwereza katatu. A Rashidi akuti ndikamayendetsa milomo choncho akumaopa kuti ndikuwawerengera.

Lamulungu, 14 Julayi

Alendo. A Limana, gulu lathu la kutchalitchi, abwera ndi mbatata yootcha ndi nyimbo ziwiri. Pambuyo pawo Zikhalo, chipewa m'manja.

"Mwadzuka bwanji, akuluakulu?"

"Ndadzuka. Yohana munamuika pati?"

"Kumunsi, pafupi ndi a Ackim. Dzenje lija tinakwirira bwinobwino, abambo mfumu anadalitsa."

"Pafupi ndi a Ackim pali mizu."

"Tinaidula."

Wakhala akuzungulira ngati galu wofuna pogona. Kenaka watulutsa: a komiti ya maliro akuti pa manda alionse paikidwe kasimenti kolembedwa dzina. Akuti ndikatuluka ndiyende nawo, ine ndizitchula, iwo azilemba. Nkhani imeneyi anayamba nayo chaka chatha ndipo ndinaikana. Munthu ukakhuthula thumba, thumbalo amalitaya. Ndamuuza kuti simenti ndi ya anthu opanda mutu. Ngakhale mwana wanga Petulo sindinamuikire mtanda, chifukwa mtanda wake ndine.

Zikhalo wayang'ana a Nankhoma. A Nankhoma ayang'ana mbatata.

Ndinafuna kumufunsa kuti pamudzi akuti mwana uja ndi wa yani. Koma ine kufunsa Zikhalo? Amene ndinamuphunzitsa kugwira fosholo? Libwera lokha dzinalo.

Sandra waimba pa foni ya a Rashidi, akulira, akuti ndi iye wandipha ndi mankhwala. Ndati usandilire ndili moyo, ndiponso foni ndi ya eni.

Lolemba, 15 Julayi

Achotsa kapaipi. Kuwawa kwake ngati akusolola chingwe cha minga, koma thumba lija lachoka, ndayenda ngati munthu mpaka pakhonde. Phiri la Dedza lavala chifunga mpaka m'khosi.

Malamulo a a Dennis: tiyi ayi. Madzi pang'onopang'ono, dzuwa likapendeka ndisiye. Ndizipita kuchimbudzi nthawi yoikika, chikhodzodzo chifune chisafune, kuti chiphunzire kuti mwini wake ndani. Timizere ndizichonganso ndikakodza kapena ndikanyowetsa. Ndizimanga minofu ya pansi ngati ndikubweza mphweya pamaso pa apongozi, kenaka n'kumasula. Zimenezi anena pamaso pa wodi yonse. A Rashidi akuti tiyambe limodzi, iwo aziimba nyimbo.

Chimbudzi chili kumapeto kwa khonde. Ndi mwendo uwu n'kutali ngati ku Linthipe.

Lachiwiri, 16 Julayi

Sindinafike.

Anamwino asintha nsalu. Matiresi auyanika panja, pamene odikirira odwala amadutsa popita kukaphika. A Nankhoma achapa buluku. Palibe amene waseka. Bola akanaseka.

Sindidya.

Lachitatu, 17 Julayi

Ndatsegula kabotolo. Kamodzi m'mawa, kena masana. Ndameza ndi malovu, nkhope kukhoma.

Tsiku lonse wouma ngati chimanga cha m'nkhokwe. A Dennis aona timizere tawo, akondwa, akuti taonani agogo, maphunziro ayamba kugwira. Ndati eya, ndine wophunzira wabwino, sukulu inanditaya.

Bala likuuma m'mbali. Piritsi loyera latha lero. Ndafunsa kuti ndituluka liti. Akuti tione kaye mafinya. Tione, tione. Kumudzi munthu akamwalira mawa aloza ndani? Nyengo yozizira ino imatenga okalamba ngati nkhuku za chitopa.

Lachinayi, 18 Julayi

A Rashidi ali ndi maso a mgolosale, amaona dzanja likulowa m'thumba.

"Achimwene, fodya wanuyo ngwachilendo. Anzanu amaika pamphuno, inu mukumeza."

"Samalani chala chanu."

"Chala chinapita kale, ndikusamala inu."

Atsitsa mawu. Akuti iwonso vuto limeneli analiona. Kwa iwo Asilamu dontho limodzi pa chovala ndiye kuti swala, pemphero lawo, yaonongeka, ukasambe, usinthe. Akuti chaka chathunthu ankapemphera kunyumba, kuopa kumzikiti. Kenaka anapita kwa shehe, mutu uli pansi. Shehe anawauza kuti wodwala ali ndi lamulo lake: sambani nthawi ya pemphero ikakwana, ikani kansalu, imani pamzere ndi anzanu, zotsalazo mwini wake akudziwa.

"Ndiye ndinataya chaka chifukwa chosafunsa. Safunsa anadya phula, achimwene."

Ndati inu mumaima kumbuyo kwa anzanu. Ine ndimaima kutsogolo, mudzi wonse ukuyang'ana ndodo yanga.

"Ndiye ayang'ane ndodoyo. Buluku alisiye."

Ndamwa katatu lero, chifukwa kunazizira. Kukamwa kwauma, lilime ngati chitsononkho. Mwana uja sanabwerebe. Ndayenda mzere wa chikuku kawiri, ulendo wachiwiri mayina ena anasinthana malo.

Lachisanu, 19 Julayi

Kuwala kwambiri. Zilembo zikuyenda.

Anyamata achedwa ndi makasu. Bokosi lafika kale.

Amayi aja abweranso ndi phala. Akuti ndidye.

Loweruka, 20 Julayi

Zadzulo ndalemba ndine, dzanja ndi langa, koma sindikuzikumbuka. Zimene ndilembe apa ndauzidwa ndi a Rashidi, ndipo lero sanaseke.

Akuti dzuwa lili pamutu ndinadzuka, ndinavala jekete, n'kutenga chitsulo chopachikapo diripi ngati ndodo. Ndinatuluka mpaka pa kapinga wa kutsogolo, pamene pali maluwa. Ndinayamba kuloza. Ndinkakalipira alonda kuti akumbe msanga, dzuwa likupita. Anthu anasonkhana, ena ndi mafoni m'mwamba. A Nankhoma anathamanga kuchokera kokaphika n'kundigwira mkono. Akuti ndinawachotsa dzanja n'kunena kuti, "Mayi, akazi sabwera kuno tisanamalize. Ndinu a kwa yani?"

Ndinu a kwa yani. Mkazi amene ndakhala naye chiyambire ndili ndi mano onse.

Mkodzo unatsekekanso, anachita kuutulutsa ndi kapaipi, koma sanakasiyemo. A Dennis abwera nkhope ili gwa.

"Agogo, pali chimene mukumwa chimene ine sindikuchidziwa?"

"Phala lanu lopanda mchere."

Ayang'ana a Rashidi. A Rashidi ayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. A Dennis akuti ngati palibe chimene ndikumwa, ndiye kuti matendawa ndi a mutu weniweni, ayenera kunditumiza ku Lilongwe akandiunike. Apita.

"Sindinakuululeni," atero a Rashidi, "chifukwa mwini nkhani ndinu. Koma mayi aja analira kuseri kwa thanki. Ine ndinawaona."

Lero sindinamwe. Sindinatayenso. Kabotolo kali m'dzanja, ndikungokatembenuza.

Lamulungu, 21 Julayi

A Nankhoma anabwera itatha Misa ya m'mawa, ndi madzi ofunda m'beseni. Anayamba kundipukuta mapazi osandiyang'ana. Wodi inali phee, ambiri anatuluka kukaothera dzuwa.

Ndinati, "A Nankhoma."

"Mwandidziwa lero?"

Ndinavomera ndi mutu. Kenaka ndinafunsa chimene sindinafunsepo munthu chiyambire amalume kundipatsa ndodo.

"Manda aja ndinatsegulitsa. Ndi a yani?"

Anafinya kansalu. Anakafinyanso kopanda madzi.

"Mukufunadi kumva, bambo a Petulo?"

Dzina limenelo anasiya kundiitana nalo kalekale. Mudzi wonse umati bambo a Sandra.

Ndinati ayi, mwasokoneza. Petulo ali patsinde pa msuku. Ine ndinaloza kutali ndi msuku.

"Msuku wake uti? Msuku wa Petulo unagwa ndi mphepo chaka chimene Sandra anakwatiwa. Munaudula nokha, nthambi munakana kuti anthu asatenge nkhuni. Chitsa chinadyeka ndi chiswe. Umene ulipowo ndi wina, unamera kumtunda. Inu nomwe munkawauza anyamata kuti asanamizidwe nawo."

Ndinafufuza m'mutu. Tsiku limene tinamuika lilimo lonse: mvula yowaza, mphasa yatsopano imene amalume anadula pakati chifukwa inali yaitali, masuku akugwa okha anthu n'kumawaponda. Koma kugwa kwa mtengo mulibe. Pamalo pake pangokhala poyera, ngati pamene ndinalozapo.

"Kamendulo kaja ndinamuveka ndine," anatero. "Zikhalo anabwera nako kunyumba atakakulunga m'tsamba. Ndinamuuza akabwezere. Iye uja anakuuzani m'mawa muja kuti apa mpamene panali msuku wakale. Munamuyankha kuti anabadwa liti."

"Bwanji osandiuza masiku onsewa?"

"Munafunsa?"

Anatenga beseni n'kutuluka. Anakhalitsa kunjako.

Lolemba, 22 Julayi

A Dennis atafika pabedi panga ndinawapatsa kabotolo. Anatsegula, anayang'anamo, anatseka.

"Kuyambira liti?"

"Lachitatu."

"Ndiye timizere tanga tija?"

"Tinali toona. Wabodza ndinali ine."

Sanakalipe. Akuti za ku Lilongwe ziyambe zaima, tione mutu ukakhala wopanda mankhwala milungu ingapo. Ndinawafunsa mosazungulira ngati zimene zafufutika zidzabwerere. Akuti chifunga cha masiku ano chichoka, chimenecho akukhulupirira. Koma za mtengo uja sakudziwa. Mwina ndi mankhwala a zaka zitatu, mwina ndi matenda amene akanabwera okha, mwina zonse ziwiri zinagwirizana. Akufuna ndizibwera mwezi ndi mwezi adzandifunse mafunso.

Ndati kabotolo mundibwezere, n'ka amalume. Akhuthula tabuluu m'dzanja lawo, andipatsa kopanda kanthu.

Madzulo ndanyowetsa. Ndaitana anamwino ndekha.

Lachiwiri, 23 Julayi

Kawiri ndafika, kamodzi ayi. A Rashidi atumiza mwana wawo kugolosale, wabwera ndi chigubu cha mafuta ophikira chodula pakamwa. Akuti mphatso ya sitolo, kasitomala wake ndine woyamba. Chili pansi pa bedi.

Tulo palibe, Piritoni anandiletsanso. Thupi lonse likufuna kuyenda. Ndazungulira khonde mpaka anamwino andibweza.

Ndayendanso kumanda. Tsopano pamene ndafika pa mwala wosweka ndikumaima. Ngati mtengo wathunthu unatuluka m'mutu ine osamva, china chatuluka n'chiyani? Mwala uja ulipodi? A Ackim ali ndi akazi awiri kapena atatu?

Lachitatu, 24 Julayi

Malovu abwerera mkamwa. Ndadya mbatata osamwera madzi. M'mimba mwamasuka, pepani polemba. Zilembo zaima malo amodzi.

A Rashidi atuluka lero, bala lawo lapola. Anavala mkanjo woyera ndi kofia ngati akupita kuukwati.

"Achimwene, mukadzandiona ndadutsa pa Mphunzi musandiloze ndi ndodo."

"Malo anu ndasunga, pali mthunzi wabwino."

"Mthunziwo mulembe, mungaiwale."

Anaseka, kenaka anaona nkhope yanga, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Anati akandipempherera Lachisanu, ngati Mulungu wa Akatolika salusa. Ndati ndi mmodzi yemweyo, amangotopa ndi inu kasanu pa tsiku.

Pabedi pawo agonekapo munthu wa chifuwa, salankhula.

Lachinayi, 25 Julayi

Achotsa ulusi pabala. Mawa ndituluka.

Ndinatumiza mawu kuti Zikhalo abwere. Wafika masana pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Waima kumiyendo kwa bedi.

"Khala pansi."

"Ndaima bwino, akuluakulu."

"Khala, khosi likundiwawa."

Ndamuuza kuti Loweruka m'mawa tikayamba pa mwala wosweka. Abwere ndi anyamata, zikhomo ndi penti, simenti idzabwera pambuyo. Ine ndizitchula. Koma aitanenso a Nankhoma ndi amayi achikulire onse amene amalambula manda mwezi wa Novembala, aliyense amadziwa pamene amagwada. Ndikatchula, iwo avomere. Akakana, tiime, tifunsane.

"Akazi kumanda popanda maliro, Novembala asanakwane, akuluakulu? A mfumu a mudzi alola?"

"Ukawauze kuti ndanena ndine."

"Nanga ndodo?"

"Ndodo ndi yanga. Ukufuna undilande ndili moyo? Uziyenda pambali panga. Ukaona ndikuloza polakwika, unene."

"Ndinanena paja."

"Unene mokweza."

Wangoti chabwino. Kenaka ndamuuza chinanso, kuti asadzadabwe. Ndizichoka pakatipakati kupita kuseri kwa mpanda, mwina kawirikawiri. Tsiku lina sindidzafika. Akadzaona buluku lada, apitirize ntchito.

"Tidzayang'ana kumbali."

"Musadzayang'ane kumbali ngati ndafa. Mudzayang'ane ndodo."

Mawu amenewo ndi a a Rashidi, koma Zikhalo sakudziwa.

Lachisanu, 26 Julayi

Katundu wamangidwa: bulangete, beseni, chigubu. A Dennis andilembera tsiku lobweranso, mwezi wamawa. Kope akuti ndisunge, ndizilembabe, n'kwabwino kumutu. Sandra ndamuuza kuti asagulenso tabuluu, mwezi uno atumize ndalama zake.

Ndawauza a Nankhoma kuti tisanakwere minibasi tidzere kwa owotcherera zitsulo kuseri kwa msika.

"Kukatani? Khasu lathyoka?"

"Mtanda. Waung'ono, koma wachitsulo chokhuthala, choti chiswe chilephere."

Anamanganso mfundo ya chitenje imene inali yomanga kale.

"Paja mtanda wake ndinu," anatero.

"Ndinali."

Anati owotchererawo adzafuna dzina lolembedwa papepala, apemphe anamwino atilembere bwino. Ndakana. Mayina a ana a eni ndawerenga pa mitanda moyo wanga wonse, ili ndilemba ndekha. Ndayeserera kumapeto kwa kope, pansi pa timizere ta a Dennis. A Nankhoma ayang'ana, akuti chilembo chachiwiri chapenya kumbuyo. Ndakonza.

Ndipite kaye kuchimbudzi, ulendo ndi wautali ndipo minibasi siima. Ndikabwera ndidzang'amba tsamba ili m'munsimu.

PETULO KWENDA